Musanasasule denga, auzeni a inshuwalansi

Mayi wina wanditumizira imelo iyi: "Tikufuna kusasula denga ndi kuwonjezera zipinda ziwiri, ndipo tisamuka kaye kwa miyezi inayi. Nyumbayi ili kale pa inshuwalansi, kontrakitala akuti nayenso ali nayo yake. Pakufunikanso china?"

Chikufunika ndithu, mayi. Inshuwalansi muli nayoyo anailemba poganizira nyumba yofolera, yokhoma, yogonamo anthu. Tsiku lomwe malata atsike, imeneyo sikhalanso nyumba yomwe anavomera kuiteteza. Mvula ikagwa usiku n'kunyowetsa siling'i ndi mawaya, akhoza kukana kulipira poti simunawauze za ntchitoyo. Kusamukakonso n'kwina: mapangano ambiri amati nyumba ikakhala yopanda munthu masiku 30 kapena 60 otsatizana, salipiranso zakuba kapena madzi a paipi yophulika. Miyezi inayi yadutsa kale pamenepo. Alembereni kalata a inshuwalansiwo amisiri asanafike, ndipo yankho lawo likhale lolemba, osati la pafoni.

Tsopano za kontrakitala. Mawu oti "ndili nayo" ine sandikhutiritsa. Ndimafuna kuona chikalata. Kawirikawiri yomwe amanenayo ndi yolipira anthu ena, monga njerwa ikagwera galimoto la aneba kapena wodutsa akagwera m'dzenje. Matumba a simenti akabedwa, kapena khoma latsopano likagwa ndi mphepo, imeneyo siikhudzidwa. Yoteteza ntchitoyo ndi zipangizo zake amaitcha contractors' all risks, kwina amati builder's risk. Onani ngati dzina lanu lilimo, onaninso tsiku lomwe ikuthera, paja zomangamanga sizikutha pa tsiku lolonjezedwa.

Koma funso lalikulu ndi la mbali yakale ya nyumba. Wowotcherera zitsulo akayatsa moto mwangozi, motowo sudzasankha zipinda zatsopano zokha. Inshuwalansi ya kontrakitala ikhoza kunena kuti yake ndi ntchito yatsopano basi, yanu n'kuti moto wabwera ndi ntchito yomwe sakuidziwa. Inu n'kutsala pakati. Funsani onse awiri kuti wolipira mbali yakaleyo ndani, mpaka mmodzi alembe kuti ndi iye.

Khoma lokhota chifukwa cha ulesi wa mmisiri musaliyembekezere kwa a inshuwalansi. Limenelo mukalimbana ndi kontrakitala, potengera zomwe munasainirana.

Ntchito ikatha, kwezani ndalama yomwe nyumbayo inalembedwa pa inshuwalansi. Ikakhala pa theka la mtengo woimangiranso, makampani ambiri amalipira theka lokha la zomwe zawonongeka, ngakhale chitapsa ndi chipinda chimodzi.