Amuna anga asiya ntchito, akuti Yesu abwera chaka chino

FUNSO: Abusa, ndine mayi wa ana atatu. Amuna anga ndi akalipentala, ndipo ndi munthu wopemphera kuyambira kale. Koma chiyambireni kumvera mlaliki wina wa pa foni amene akuti Ambuye Yesu abwera chaka chino chisanathe, asinthiratu. Ntchito asiya kulandira, zida zina agulitsa, ndipo akuti fizi ya mwana wathu wamkulu tisalipire poti sukulu ilibenso phindu. Ndikawafunsa za mawa amati ndilibe chikhulupiriro. Inenso ndimakhulupirira kuti Yesu adzabweranso, koma masiku ano ndikusowa tulo ndi mantha. Kodi ndikuchimwa poganizira za mawa?

Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, simukuchimwa ayi. Kalata yanu yandikhudza, makamaka za mwanayo.

Ine sindinganene kuti Ambuye sabwera chaka chino. Akhoza kubwera magazini ino isanafike m'manja mwanu. Chimene ndikunena mosakayika n'chakuti mlalikiyo tsikulo salidziwa. Pa Mateyu 24:36 Yesu ananena yekha kuti za tsiku ndi ola palibe wodziwa, ngakhale angelo akumwamba, koma Atate okha. Ophunzira atamufunsanso asanakwere kumwamba, anawauza kuti kudziwa nthawi ndi nyengo si kwao (Machitidwe 1:7). Ndiye munthu akamatchula chaka, ndimafunsa kuti wachitenga kuti chimene atumwi anakanizidwa?

Ndipotu iyeyu si woyamba. Ku America, William Miller, mlimi amenenso ankalalikira, anawerengetsera masiku 2,300 a pa Danieli 8:14, ndipo anthu masauzande ambiri omutsatira anadikira Ambuye pa 22 Okutobala 1844. Ena sanakolole n'komwe minda yawo. Kunacha pa 23 ali pomwepo, akulira. Patapita zaka zambiri, Harold Camping wa wailesi ya Family Radio analengeza 21 Meyi 2011, ndipo ena anathera ndalama zomwe anasunga kwa zaka polipira zikwangwani zochenjeza dziko. Tsikulo litadutsa analisunthira pa 21 Okutobala, kenako mu 2012 anavomera kuti analakwa. Ambiri mwa anthu amenewa ankakonda Yesu ndi mtima wonse, monganso ndikukhulupirira kuti amuna anu amamukonda. Chimene chimandipweteka n'chakuti ena tsiku litalephereka anataya ndi chikhulupiriro chomwe.

Tsono za kusiya ntchito. Nkhaniyi inabukanso mu mpingo wa ku Tesalonika, Paulo adakali moyo. Ena ankafalitsa zoti tsiku la Ambuye lafika kale, ena ankangokhala osagwira ntchito, kumangolowerera za eni. Paulo sanawatame kuti ndi anthu auzimu. Anawakumbutsa kuti iye ali kwawoko ankagwira ntchito usiku ndi usana kuti asalemetse munthu, nalamula kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso (2 Atesalonika 3:8-12). Munthu yemweyo amene analemba za lipenga la Mulungu ndi kukomana ndi Ambuye mumlengalenga ankasoka mahema. Kwa Timoteo analemba mawu olemera kwambiri: wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro (1 Timoteo 5:8). Mawu amenewa ndi oti amuna anu awalingalire ndithu asananene kuti inu ndinu wopanda chikhulupiriro.

Nkhani imene ndikufuna muwerengere limodzi ili pa Yeremiya 32. Ankhondo a Nebukadinezara, mfumu ya Babulo, anali atazinga Yerusalemu, ndipo Yeremiya anali atatsekeredwa m'bwalo la alonda. Iye mwini ndi amene ankalosera kuti mzindawo ugwa. Pomwepo kunafika m'bale wake Hanameli kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Yeremiya anagula. Anamuyezera siliva wa masekeli 17 pa sikelo, nalemba kalata ya umwini, naimata, naitana mboni, kenako anauza mlembi wake Baruki kuti aike makalatawo mumtsuko wadothi kuti akhalitse masiku ambiri. Anthu oonerera ayenera kuti anadabwa kuti munthu agula bwanji munda mdani ali pakhomo. Koma Mulungu anali atanena kuti nyumba ndi minda zidzagulidwanso m'dzikomo, ndipo Yeremiya anaonetsa kuti wakhulupirira mawuwo potulutsa siliva wake. Kulipira fizi ya mwana wanu ine ndikukuona chimodzimodzi. Ambuye akabwera mwanayo ali m'kalasi, adzamupeza ali pamalo pake. Akachedwa, mwanayo adzafunika maphunzirowo kuti adzatumikire nawo Mulungu ndi anthu.

Mu fanizo la pa Mateyu 24:45-46, kapolo wodala ndi amene mbuye wake pofika am'peza akugawira anzake chakudya pa nthawi yake. Kwa amuna anu, kupezeka ali maso kungathe kukhala kupezeka ndi macheka m'manja, akumaliza chitseko cha munthu bwinobwino popanda kumubera matabwa. Yesu mwini anthu a kwawo ankamudziwa ngati mmisiri wa matabwa (Marko 6:3).

Mwina adzakuwerengerani Mateyu 6:34, kuti musadere nkhawa za mawa. Mawuwo ndi oona, ndipo akulankhula kwa inunso pa kusowa tulo kwanuko. Amaletsa nkhawa, saletsa kukonzekera. Ndipo chiphunzitso cha kubweranso kwa Ambuye sichinaperekedwe kuti chiziopseza ana a Mulungu. Paulo anachilembera anthu oferedwa, n'kumaliza ndi kuti atonthozane ndi mawu amenewa (1 Atesalonika 4:18). Ulaliki ukamakusiyani mukunjenjemera pamene munakhulupirira kale Khristu, muzikayikira ulalikiwo.

Chochita ndi ichi. Musakangane nawo pamaso pa ana, ndipo musanyoze kupemphera kwawo. Apempheni kuti muwerengere limodzi malembawa, iwo aziwerenga mokweza. Uzani abusa a mpingo wanu kapena mkulu wa mpingo amene iwo amamulemekeza, msanga, zida zotsalazo zisanapite. Mufufuzenso ngati ndalama za zidazo sizikutumizidwa kwa mlalikiyo. Mwana apitirize sukulu. Mukangomva zoti ana asale kudya, odwala asiye mankhwala, kapena banja lisamukire kwina kukadikira Ambuye, musazengereze, uzani abale ndi apolisi tsiku lomwelo. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuchokera mu 2023 kunafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya kuti akakomane ndi Yesu, ndipo pakati pawo panali ana ambiri.

Chaka chikadzatha Ambuye asanabwere, amuna anu adzakhala ndi manyazi aakulu, mwinanso adzakwiyira Mulungu. Musadzawaseke kapena kuwakumbutsa kuti munanena. Mudzawathandize kupezanso zida, ndipo mudzapite nawo ku tchalitchi ngakhale atadzafuna kukhala mpando wakumbuyo.