Msuweni, za bwana wakoyo ndi mabuku ake

Eee msuweni, voice yako ija ndaimvera. Ukuti masamu si amodzi padziko lonse nanga, bwanji akawunti ya ku Germany isiyane ndi ya ku America, chikhalidwe chikulowa pati m'mabuku a ndalama. Funso la anthu ophunzira ndithu. Koma iwe ndimakudziwa. Siiwe wodzuka usiku kuganiza za chikhalidwe cha mayiko. Bwana wako watsopano uja, wochokera ku likulu ku Germany uja, wakubwezeranso lipoti eti? Ndiye wayamba kukayikira ngati setifiketi yako ija inali yeniyeni. Usakane, mayi ako anatiuza kale, gulu lonse likudziwa.

Dikira kaye ndikuuze za ankolo. Osati ankolo a galimoto ija ayi, tisayambe zimenezo, ndikunena achimwene awo, a magalasi aja. Paja iwe unali kamwana, unkangowaopa basi.

Ankolo anagwira mabuku pa kampani ina zaka zambiri, eni ake ali a ku Britain. Ankati bwana wawoyo chilichonse chikavuta ankangofunsa kuti, inu mukuona bwanji? Iwo n'kunena maganizo awo, n'kulemba, maodita n'kubwera, n'kukambirana pang'ono, n'kusaina. Munthu ankadzimva kuti ndi katswiri. Kenako kampani ija inagulidwa ndi anthu a ku Germany. Ndiye panali kasitomala wina, anatenga katundu wambiri pangongole, nthawi yolipira inadutsa, miyezi ikupita. Ankolo ankamudziwa munthuyo, akuti amachedwa koma sathawa. Bwana watsopano akuti iyayi, ngongoleyi muilembe ngati yokayikitsa, muichotse pa phindu. Ankolo akuti bwana, munthuyu alipira, ndikumudziwa ine. Bwana akuti akadzalipira mudzalemba. Basi, nkhani yathera pomwepo.

Aaa, ankolo zinawawawa. Ankati wanditenga ngati kalaliki wongokopera manambala. Ndiye tamvera, chaka chotsatira munthu uja analipiradi, yonse. Ankolo anatenga cheke chija, osachipereka kwa mesenjala ayi, okha, kukwera nacho masitepe, kukachiika pa desiki ya bwana mwakachetechete, kenako n'kuima chapatali manja kumbuyo kudikira kuti apepesedwe. Bwana anachiyang'ana n'kunena kuti zabwino kwambiri, lembani m'chaka chino. Manyazi, olo pang'ono! Ankolo akafika pamenepa ankavula magalasi, kupukuta ndi tayi, kuvalanso, kenako n'kuyambiranso nkhani yomweyo kuchokera poyamba, mpaka azakhali kuwauza kuti atate, tinamva chaka chatha. Mwina ndi chifukwa chake azakhali aja... ayi, imeneyo tisiye, mugulu muno muli ana.

Ankolo anadzamvetsa mochedwa, atatsala pang'ono kupuma pantchito. Bwana uja sankakayikira nzeru zawo. Ku Germany makampani anakula ndi ndalama za mabanki, ndipo mabuku omwewo ndi amene ankagwiritsidwa ntchito powerengera msonkho. Banki imafuna chani? Imafuna kudziwa kuti zinthu zikavuta ndalama zake zibwerera. Ndiye kwawoko chitayiko ukangochinunkhiza ulembe lero lomwe, phindu udikire lifike m'manja. Phindu likaoneka lochepa, msonkho uchepa, eni masheya satenga zambiri, ndalama zikhala m'kampani, banki igona tulo. Ku Britain ndi ku America ndalama zambiri zimachokera kwa anthu ogula masheya, anthu amene sanapondepo pa fakitale, ndiye amafuna chithunzi chooneka bwinobwino cha chaka chimenecho. A ku Britain amati true and fair view, kutanthauza chithunzi choona ndi chachilungamo, ndipo akawuntanti amapatsidwa mpata woweruza yekha.

Usaganize kuti ndi timasiyanidwe ta makobidi. Mu 1993 Daimler-Benz, opanga Mercedes aja, analowa pa msika wa masheya wa ku New York, ndiye anayenera kuonetsanso manambala awo motsatira malamulo a ku America. Pa malamulo a kwawo, phindu la 615 miliyoni ya ma mark, ndalama za ku Germany nthawi imeneyo. Pa malamulo a ku America, kuluza ndalama zoposa 1.8 biliyoni ya ma mark. Chaka chimodzi, kampani imodzi, magalimoto omwewo. Panalibe wakuba ayi. Kungoti zomwe anasunga pambali zaka zabwino, malamulo a kwawo ankalola kuzitulutsa chaka chovuta kuti zikwirire dzenje.

Ku France nakonso ndi zina, kuyambira 1947 boma linaika ndondomeko ya maakawunti, akawunti iliyonse ndi nambala yake, ndipo patapita zaka kampani iliyonse n'kumatsatira yomweyo. Kumeneko zoti inu mukuona bwanji n'zochepa.

Za chikhalidwe ukufunsazo, ukafuna kukaonetsa nzeru ku ofesi, tchula Hofstede, wa ku Netherlands, anafufuza kusiyana kwa chikhalidwe pakati pa ogwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM m'mayiko ambiri. Kenako mu 1988 Sidney Gray anatenga zimenezo n'kuzilowetsa mu akawunti, kuti anthu amene sakonda zosadziwika amakonda malamulo okhwima, kulemba mosamala, ndi kusaulula zambiri. Ine ndimavomereza theka. Eee, theka, chifukwa nthawi zambiri chomwe tikuchitcha chikhalidwecho ukachifukula umapeza banki ndi a msonkho atakhala pansi pake. Koma theka linalo lilipodi. Taona za kampani ya Toshiba ku Japan mu 2015, phindu linakokomezedwa kwa zaka, ndipo ofufuza anapeza kuti m'kampanimo munthu sankatha kutsutsa bwana. Malamulo analipo, abwinobwino, koma ndani akanaimirira?

Ndikudziwa zomwe ukufuna kunena, kuti nanga si kuli IFRS, malamulo a akawunti omwe mayiko ambiri amatsatira limodzi. Ilipo, inde, ndipo kuyambira 2005 makampani a pa msika wa masheya ku European Union amaitsatira pa mabuku a gulu lonse. Koma America idakali ndi malamulo akeake otchedwa US GAAP, ndipo ku Germany kampani payokha imalembabe mabuku a malamulo a kwawo. Komanso IFRS ili ndi malo ambiri omwe imati weruza wekha. Makinawa akhala zaka zingati, ngongoleyi ibwera kapena ayi. Pamenepo m'pamene munthu amaonekera kumene anakulira.

Ndiye chomwe ndimafuna kukuuza, ndazungulira, ndikudziwa, ndatengera ankolo. Masamu ako si olakwa. Iwe ukulembera wogula masheya, bwana wako akulembera banki ndi a msonkho a kwawo. Mawa usakakangane naye za nambala. Ukamufunse kuti, bwana, lipotili akaliwerenga ndani? Akakayankha, zambiri zomwe wakhala akuzidula ndi cholembera chofiira uziona wekha chifukwa chake.

Wandimva? Usathamangire kulemba kalata yosiya ntchito ngati nthawi ija. Dziwa kaye amene akuwerenga mabukuwo, kenako uziwerengera. Ndipo akakuyankha zina zosiyana ndi zimenezi unditumizire voice ku inbox, osati mugulu, azakhali akangomva dzina la ankolo tigona mochedwa tonse.