Yankho kwa achemwali pa mitengo ya kunyumba yatsopano

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi zija mwaponya pagulupu ndaziona, mukufunsa mayina a mitengo iwiri mwaipeza pabwalo ndi timaudzu tayala kuseri kwa khitchini. Kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula.

Ndiyambe ndi umene alamu akuti ndi nimu uja, poti ndamva kuti mukufuna kuwiritsa masamba ake. Dikirani kaye, chonde. Umenewo ine ndikuona indiya. Mitengo iwiriyi ndi yapachibale, ndiye anthu amaisokoneza kwambiri. Pitani mukathothole tsamba lathunthu, kuyambira pomwe lagwirira kunthambi. Likakhala la nimu, kamtengo kake n'kamodzi, timasamba tangondanda uku ndi uku, topindika pang'ono ngati chikwakwa. La indiya limagawikanso, kamtengo kaja kamatulutsa tinthambi, tinthambito ndi timene timakhala ndi timasamba. Pachithunzi chachiwiri chija ndi zimenezi ndikuonazi. Mufunsenso aneba kuti maluwa ake amatuluka otani cha m'ma Seputembala ndi Okutobala. Akati a pepo, basi nkhani yatha, ndi indiya, chifukwa a nimu ndi oyera. Chinanso, indiya amayoyola masamba m'chilimwe, tizipatso tachikasu tobulungira n'kutsala lende mpaka kukwinyika. Tizipatso timeneto ndi poizoni, mwamva? Nkhumba zimafa nato. Ana aja asamatole n'kumaponya m'kamwa. Nimu weniweni mumamupeza wambiri kotentha, ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima uko.

Winawo waminga, umene mukuti wauma mukufuna kudula nkhuni, aaa ayi, musayerekeze. Ndi msangu umenewo, sunaume. Ukandeni khungwa ndi mpeni muona muli mwamuwisi. Msangu umachita zosiyana ndi anzake, mvula ikayamba umagwetsa masamba, chilimwe chikafika ndiye umavala. N'chifukwa chake kumudzi chimanga chimachita bwino pansi pake, masamba aja amasanduka manyowa, mthunzinso palibe nthawi yomwe mbewu ikufuna dzuwa. Kuti mutsimikize, onani minga: ziwiriziwiri, zowongoka, nthambi zotuwa. Mthethe minga zake n'zokhota, ndipo dzinja lino ukanakhala uli biriwiri. Zipatso za msangu zimapiringizika, zofiirira, mbuzi zimachita kulimbirana.

Tsono zapansizo pali zitatu zosakanikirana. Kamaluwa kabuluu, kamatsegula m'mawa dzuwa likakwera n'kufota, ameneyo ndi khovani. Wovuta bwanji! Mfundo iliyonse ikakhudza dothi lonyowa imagwira mizu, ndiye mukazula n'kuunjika pomwepo mwangomubzalanso. Mutaye pamwala aume, kapena mupatse akalulu ndi nkhumba. Kaudzu kosongoka konyezimira kaja, kapotokoleni tsinde ndi zala, mukamva makona atatu ndi dawe. Ali ndi timbatata pansi, kupalira pamwamba n'kungotaya mphamvu, muyenera kukumba n'kumatola. Wachitatuyo ndi kapinga wamba. Ameneyo musiyeni agwire dothi, bola mumutchingire asalowe m'mabedi a ndiwo.

Za apu ya pafoni imene mwana wanu anayesa ija, ine sindiikhulupirira kwenikweni pa mitengo yathu ino, makamaka mukajambula mtengo wonse muli patali. Muzijambula tsamba lathunthu, khungwa, duwa kapena chipatso, dzanja lili pambali kuti kukula kwake kuoneke. Wina ukakukanikani, dulani kanthambi, kapanikizeni m'nyuzipepala, mupite nako ku ofesi ya zankhalango. Ku Zomba kulinso a National Herbarium, ntchito yawo ndi imeneyi.

Eya, ndisanaiwale, choyanga pampanda chija chithunzi chake chatuluka chakuda. Musachigwire ndi manja kaye. Ngati nyemba zake zili ndi ubweya chingakhale chitedze, ndipo kuyabwa kwake mukukudziwa. Muchijambulenso mawa kukawala, mundiponyere.