Kuchoka pa Harare kukatera ku KIA ndi maola angati?

Funso: Zikomo a Mkonzi. Ine ndimakhala ku Mbare mu Harare, mwezi wa mawa kuli ukwati wa mchemwali wanga ku Lilongwe ndiye ndikufuna ndikwere ndege koyamba. Ulendo wake ngotalika bwanji? Ndine mayi wa ku Mbare.

Yankho: Mayi, musade nkhawa, ndi pafupi. Kuchoka pa eyapoti ya Robert Gabriel Mugabe kukafika Kamuzu International Airport (KIA) ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 540 mukawongola mumlengalenga, ndege yopita dailekiti imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa basi, tiyi amene akupatsaniyo mukamamaliza mungomva akuti mangani malamba tikutera. Wotchi musasinthe, nthawi ya Zimbabwe ndi ya kumudzi ndi imodzi.

Koma tikiti muiwerenge bwinobwino musanalipire, chifukwa ina imakuzungulitsani ku Johannesburg kaye ndipo mutha kutha tsiku lonse muli pa benchi kudikira, nsima yonse m'mimba itatheratu. Pa eyapoti fikani maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke, pasipoti m'manja osati pansi pa sutukesi.

China chomwe anthu amaiwala, KIA ili ku Lumbadzi, makilomita ngati 25 kuchoka mtauni, ndiye achibale muwauziretu akakuchingamireni. Basi ya pa Nyamapanda ndi Tete njotchipa inde, koma mizere ya pa boda ija mukuidziwa kale.