Bleed, CMYK ndi gsm: yankho kwa mayi a ku Malindi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Malindi, mlembi wa kwaya ya pa tchalitchi pawo. Alemba kabuku ka nyimbo ka masamba 14 pa Word, ndipo akufuna makope 200. Atawoloka mlatho n'kufika nako kwa osindikiza pa boma la Mangochi, mnyamata wa pa kompyuta anawathira mafunso anayi nthawi imodzi: bleed ilipo? Zithunzi zili mu CMYK? Ndi 300 dpi? Pepala mukufuna la gsm ingati? Iwo akuti anangoyankha kuti "ndibweranso", n'kukwera kabaza. Funso lawo n'lakuti, kodi mawu amenewa ali ndi ntchito, kapena ndi njira yongokwezera mtengo?

Mayi, ntchito ali nayo, ndipo onsewo akunena za zinthu zogwirika: mpeni, inki ndi pepala. Koma mnyamatayo anaiwala kukuuzani vuto lalikulu kuposa onsewo. Masamba 14 satheka. Tengani pepala la A4, mulipinde pakati, muwerenge: mwapeza masamba anayi a A5. Kabuku kopinda pakati n'kumenya masitepulo pamsana kamayenda 4, 8, 12, 16. Ndiye anuwo akhale 16, ndipo awiri otsalawo muikepo mayina a oimba kapena mawu othokoza. Musadzivutitse kusanja nokha kuti tsamba 16 likhale pambali pa tsamba 1, tsamba 2 pambali pa 15. Imeneyo ndi ntchito ya wosindikiza, amaitcha imposition, ndipo mukaiyamba nokha mumangomusokoneza.

Bleed ndi nkhani ya mpeni. Mapepala akasindikizidwa amawaunjika mulu n'kuwadula onse pamodzi, ndipo mpeniwo sugwera ndendende pamzere nthawi zonse. Ngati pachikuto mwaika chithunzi cha nyanja chofika mpaka m'mphepete, mpeni ukangolambalala pang'ono pamatsala kamzere koyera ngati ulusi. Choncho chithunzicho chimayenera kupitirira malire a tsamba ndi mamilimita atatu mbali zonse, kuti mpeni udye chithunzi. A5 ndi 148 ndi 210 mm, ndiye tsamba lokhala ndi bleed likhala 154 ndi 216. Mawu nawonso muwatalikitse m'mphepete ndi mamilimita asanu, angadulidwe mchira. Koma ngati tsamba lanu lili ndi malire oyera kuzungulira konse, muuzeni mnyamatayo kuti bleed siikufunika, nkhani yatha.

Pa CMYK pokha ndiulule tchimo langa. Ndikungoyamba kumene ntchito yokonza zosindikiza, ndinakonza makhadi a ukwati wina umene mtundu wake unali wabuluu. Pa kompyuta unkawala ngati nyanja ya ku Cape Maclear masana. Atatuluka m'makina anali pakati pa buluu ndi pepo, osafanana n'komwe ndi nsalu za operekeza. Azakhali a mkwatibwi anandiyang'ana osanena kanthu, n'kutulutsa kansalu m'chikwama, kukaika pa khadi limodzi. Ndinasindikizanso ndi ndalama za m'thumba mwanga. Chimene chinachitika n'chakuti sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, ndiyo RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi: cyan (yabuluu wowala), magenta (yofiira mopita ku pinki), yachikasu ndi yakuda, ndiyo CMYK. Mitundu ina yowala kwambiri inki siingaifikire, ndipo buluu ndiye amavuta kwambiri. Ngati yunifolomu ya kwaya yanu ili pachikuto, tengani kansalu kake popita.

Dpi ndi kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi. Kuti chithunzi chidzaze chikuto cha A5 pa 300 dpi, chimafuna mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 1750 ndi 2480. Mdani wamkulu pano ndi WhatsApp, imene imafinya zithunzi kuti zidye bandulo yochepa. Pa foni chimaoneka bwino, pa pepala nkhope za oimba zimakhala ngati zapakidwa phala. Pemphani wojambulayo akupatseni pa fulashi, kapena atumize ngati document.

Gsm ndi kulemera kwa pepala basi, magalamu pa sikweya mita imodzi. La rimu limene timagwiritsa ntchito pa fotokope ndi 80. Mkati 80 akwana, chikuto chikhale 200 kapena 250.

Pali china chimene sanakufunseni koma chimatipweteka ife olemba Chichewa ndi Chiyao: font, kutanthauza kalembedwe ka zilembo. Chilembo cha ŵ sichipezeka mu font iliyonse, makamaka zokongoletsa zija anthu amakonda pamitu. Mukapereka fayilo ya Word, kompyuta ya wosindikiza ikapanda kukhala ndi font yanu imangosankha ina mwakachetechete. Mizere imasuntha, vesi lomaliza limathawira tsamba lina, ndipo pamene munalemba Malaŵi pamatuluka kabokosi pakati pa mawu. Yang'ananinso kachizindikiro ka ' ka m'mawu ngati ng'oma ndi m'mwamba, kamakonda kutembenuka. Mankhwala ake ndi PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993 pofuna kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa makina alionse. Musunge kabukuko ngati PDF, muitsegule pa foni ya munthu wina, muone ngati ŵ adakali moyo.

Kukula kwa zilembo amakuyeza mu point, ndipo 72 zimapanga inchi imodzi. Ine nyimbo sindiika pansi pa 12, chifukwa amene adzagwire kabukuko si achinyamata okha, aliponso agogo opanda magalasi pa benchi ya kumbuyo. Mpata wa pakati pa mizere amautcha leading, dzina lochokera ku timizere ta mtovu timene osanja zilembo zachitsulo ankalowetsa pakati pa mizere. Kusanja zilembo zachitsulo kotero ku Ulaya kunayamba ndi Johannes Gutenberg ku Mainz cha m'ma 1450. Zitsulozo zinapita, mawu anatsala mu InDesign, pulogalamu ya pa kompyuta yosanjira masamba.

Mukabwereranso pa boma, musalipire makope onse 200 musanaone pulufu. Akusindikizireni kope limodzi pa pepala lenilenilo, lopinda ndi lodula, mupite nalo ku Malindi. Musaliwerenge nokha, maso a mlembi amaona zimene ankafuna kulemba. Mupatse woimba alto amene amakonda kutsutsa pa pulakatisi, ndipo ayambire dzina la abambo ansembe ndi tsiku la pachikuto.