Ukufuna ntchito ya madzi? Yamba wakonza masamu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Nchalo. Akuti: "Ndinalemba MSCE zaka ziwiri zapitazo, ndinapeza mapointi 24 koma masamu ndinapeza 7. Kuseri kwa nyumba yathu anagumula sitolo yakale n'kumangapo mashopu ndi malo omwetsera mafuta, bwalo lonse anathira konkire. Chiyambire pamenepo, mvula ikagwa madzi akuda onunkha oyilo amadzaza pakhomo pathu. Ndikufuna kuphunzira ntchito yokonza zimenezi, koma bambo akuti ndikachite uphunzitsi chifukwa boma limalemba, apo ayi ndiziwathandiza mu golosale. Tulo sindikuliona."

Makalata otere ndimawalandira chaka ndi chaka.

Ndiyambe ndi inu bambo. Uphunzitsi ndi ntchito yolemekezeka, koma musanabwereze zoti boma limalemba, kafunseni aphunzitsi amene anamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo zaka akudikira kuitanidwa. Mwana waona vuto ndi maso ake, wafunsa funso la nzeru, inu n'kumutseka pakamwa ndi golosale. Zimenezi zimandipweteka mtima. Ndinu nomwe mumakolopa matopewo m'nyumba.

Tsono iwe mwana wanga, ntchito ukuifunayo ilipodi, ndi uinjiniya wa za madzi ndi ngalande. Dothi limamwa madzi, malata ndi konkire sizimwa. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi ndi lita imodzi ya madzi. Ndiye tangowerengera: mvula ya mamilimita 50 pa bwalo la mamita 50 mulitali ndi 40 mulifupi ndi malita 100,000, ndipo pafupifupi onsewo amathamangira kwa amene ali kumunsi. Oyamba kutsika ndiwo oipitsitsa, chifukwa amakokolola oyilo, zinyalala ndi zonyansa za m'zimbudzi zosefukira n'kukazitula pafupi ndi zitsime ndi mijigo. Amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 safuna kuuzidwa kawiri.

Wodziwa ntchitoyi amafika simenti isanathiridwe. Malo akale amabisa zambiri, choncho amayamba wafufuza zomwe zinakwiriridwa pansi, kaya ndi thanki yakale ya mafuta kaya maenje a zimbudzi. Kenako amayeza kutsetsereka kwa malo, amawerengera kukula kwa ngalande ndi makalavati, amaika mathanki okolola madzi a padenga, dzenje lolekanitsa oyilo ndi madzi, ndi dziwe logwira madzi kuti azituluka pang'onopang'ono. M'mbali mwa ngalande amadzala vetiva. Kuno ku chigwa cha Shire ntchitoyi ndi yovuta kuposa ku mapiri: malo ndi athyathyathya, ndipo dothi la makande, ngati la ku Ngabu, likanyowa limatupa n'kukana kumwa madzi. Dzenje longomwetsa madzi pansi silikwanira pa dothi lotere. Pamafunika munthu wolidziwa dothili ndi phazi lake.

Anthu otere akufunika. Namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira mu January 2022, Freddy anabwera mu March 2023, ntchito yokumba ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme ili mkati. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo zitukuko zikuluzikulu zimayenera kuunikidwa kaye momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu. Malipoti a kuunikako amalembedwa ndi anthu amene anaphunzira.

Koma ndisakunamize. Ndi 7 ya masamu uinjiniya suulowa. Imeneyo ndi pasi chabe, si kirediti, ndipo ngakhale ulembe kalata yomvetsa chisoni bwanji, pa chisankho cha NCHE, bungwe loyendetsa zosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, amayang'ana magiredi. Civil Engineering ya ku MUBAS, Irrigation Engineering ya ku Bunda, maphunziro a za madzi ku MUST ndi ku Mzuni, konseko masamu ndi sayansi ndiye khomo. Ndipo ndikufunse: zaka ziwiri zonsezi unali kuti? Mayeso a MANEB adutsa kawiri iwe ukuyang'ana madzi akusefukira. Vuto limeneli usawakankhire bambo, ndi lako.

Lembetsa mayeso chaka chino, ubwereze masamu ndi Physics. Golosale ya bambo uzigulitsamo m'mawa kuti upeze ya fizi, masana uli m'kalasi. Zikakanikanso, ku makoleji a TEVETA kuli za mipope ndi zomangamanga; amene amayala ngalande molondola ndi amisiri, ndipo ena amayambira komweko n'kukwera.

Chimodzi chokha chandipatsa chiyembekezo: ambiri amandilembera kuti akufuna ntchito ya ndalama, iwe walemba za fungo la oyilo m'madzi. Mvula ikagwanso, tenga kope, utsatire madziwo kuchokera pa bwalo la konkire mpaka pomwe akukathera, ujambule njira yake. Ukalembetsa mayeso undilemberenso, utumize ndi chojambulacho.