Za tchalitchi cha pa Mishoni ku Blantyre

Achemwali, mwafunsa ngati tchalitchi chakale chija cha pa HHI (sukulu ya Henry Henderson Institute) anamanga ndi Livingstone, ndipo ndaona ena akuvomera. Ayi ndithu. Livingstone anamwalira mu 1873, mishoni ya Blantyre n'kudzayamba mu 1876. Amishoni anangoitcha dzina la kwawo kwa Livingstone kumene anabadwira ku Scotland.

Tchalitchicho ndi St Michael and All Angels. Anachiyamba mu 1888, n'kuchitsegulira mu 1891. Wotsogolera ntchito anali mbusa David Clement Scott, munthu woti za zomangamanga sanapitire kusukulu, ndipo amene ankaponda dothi, kuumba njerwa ndi kuotcha uvuni pomwepo anali makolo athu omwewa. Mukadzapitako musadzangojambulitsa patali. Yandikirani khoma muone: njerwa zake si za chikombole chimodzi, zina n'zokhota, zina zosongoka, iliyonse anaiumbira malo ake.

Koma ife a kuchigwa cha Shire kuno nkhaniyi timaimva ngati ya eni ake a kumtunda, pomwe njira yake inadzera pakhomo pathu. Masiku amenewo msewu unali Shire. Sitima zinkakocheza kwa Katunga, katundu n'kukwera phiri pamitu pa amtengatenga. Ife lero timadandaula minibasi ikamanunkha mabuleki m'makhotamakhota a ku Thabwa, nanga iwo aja ndi bokosi pamutu, dzuwa lake la Chikwawa lomweli? Mafumu a Chikololo a kuno ankatumiza ana awo kukaphunzira pa mishoni pomwepo. Ngakhale dikishonale imene Scott anatulutsa mu 1892 inali ya Chimang'anja.

Ndiponso a Anglican anatsogola kufika. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo mu 1862 kufupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Anzake anachoka ku Magomero, kumene anayambira mishoni yawo, n'kudzakhala kwa Chibisa kuno ku Chikwawa, kumene awiri mwa iwo, Scudamore ndi Dickinson, anaikidwa m'manda mu 1863. Ambiri timangodutsa osadziwa n'komwe.

Za miyambo mwafunsazo, n'za CCAP monga mukuzidziwa, pansi pa Sinodi ya Blantyre: akulu a mpingo, makalasi, Mgonero, amayi a Mvano ndi bulauzi yoyera. CCAP yeniyeniyo inabadwa mu 1924, tchalitchi chili chimangidwe kale. M'kati n'mochepa kusiyana ndi mmene chimaonekera pachithunzi, n'chifukwa chake anamanganso holo yaikulu pambali. Ngati mwana wanuyo akufuna ukwati wake udalitsidwire m'chakalecho, kafunseni ku ofesi ya mpingo nthawi ikadalipo, ndipo a mbali ya kuchimuna muwauziretu kuti onse sakakwanamo.